Titumize mabuku kapena tisonkhe ndalama? Zokambirana za ophunzira akale pa nkhani ya laibulale

A Wapampando: Moni nonse, abale ndi alongo. Monga tinapangana pa msonkhano wathu wapitawu, chaka chino tikufuna kuchitapo kanthu pa laibulale ya yunivesite yathu, makamaka mbali ya kafukufuku. Tonsefe tinadutsa m'nyumba imene ija, ndipo ambiri tinkachezera momwemo usiku nthawi ya mayeso. Ndatsegula nkhaniyi pano kuti aliyense ayankhule momasuka tisanasankhe njira. Tithandize bwanji, nanga ndalama zake tizipeza bwanji?

Abanda: Zikomo a Wapampando. Ine ndayambapo kale kufunsafunsa. Kuno kumene ndili kuli anzanga ambiri amene ali ndi mabuku m'nyumba zawo. Ena akusamuka, ena makolo awo anamwalira n'kusiya mashelufu odzaza. Ndikangowauza, pasanathe miyezi itatu tikhoza kudzaza kontena. Inuyo mungosonkha ya mayendedwe basi. Ana athu apeze chowerenga.

Ambewe: Maganizo abwino achimwene. Inenso ndili ndi makatoni awiri a mabuku amene ndinkagwiritsa ntchito ndili pasukulu.

A Mlembi: Ndayamba kulemba mayina a amene ali ndi mabuku. Ena onse mundiuze.

Anaphiri: Ana anga, ndiloleni ndilowepo musanapite patali. Ndinagwira ntchito m'laibulale ya kafukufuku zaka zoposa 20 mpaka ndinapuma, ndipo makontena otere ndawalandirapo ndi manja angawa. Abanda, mtima wanu ndi wabwino, musandimve molakwa. Koma ndikuuzeni zimene zimachitika kontena ikaima pakhomo.

Ulendo wina tinatsitsa makatoni tsiku lonse, ena tikuwasenza pamutu. Titang'amba tepi ya katoni yoyamba, fungo la nkhungu linatimenya kumaso. Mabuku apansi anali atamatirirana, ukati utsegule, tsamba likusiya theka pa linzake. M'katoni yachiwiri munali mabuku ophunzitsa mapulogalamu a kompyuta amene anthu anasiya kalekale. Yachitatu munadzaza malamulo a misonkho a dziko lina. Kenako tinapeza buku limodzi la zamankhwala, makope ambirimbiri, onse akale. Limenelo ndiye ndinalichotsa ndekha, chifukwa buku lakale la zamankhwala si losathandiza chabe, ndi loopsa. Mwana akaloweza mulingo wa mankhwala umene unasinthidwa kale, mawa akavulaza nawo wodwala.

Ndipo ngakhale buku likhale labwino, silichoka m'katoni n'kukwera lokha pa shelufu. Wina ayenera kuona ngati tili nalo kale, alilembe m'kaundula, alipatse nambala ya gulu lake, amate nambalayo pamsana, adinde. Ntchito imeneyo ndi ya anthu ophunzitsidwa, ndipo amakhala ochepa. Makatoni aja anakhala m'kachipinda kam'mbali kupitirira chaka. Chiswe chinawafika ife tisanawamalize.

Abanda: Mayi, ndamva, koma zandipweteka. Ndiye mukuti mabuku onsewa angotayidwa pamene kwathu mashelufu ali pululu?

Anaphiri: Ayi bambo, sindikuti tingokhala. Ndikuti mphatso ya mabuku iyambire kwa wolandira, osati kwa wopereka. Taonani mmene a Book Aid International amachitira. Bungwe limeneli linayamba mu 1954, ndipo masiku ano limatumiza mabuku atsopano amene makampani osindikiza apereka, n'kumasankha motsata zimene malaibulale olandirawo anena kuti akuzifuna. Wolandira amayamba wanena chosowa chake. Ife tikangodzaza kontena ndi zimene anthu akufuna kuchotsa m'nyumba zawo, tiwononga ndalama za mayendedwe, kenako tisenzetse anzathu katundu.

Anangozo: Pepani akuluakulu, ndilankhuleko monga munthu amene ndikugwiritsa ntchito laibulaleyo panopa. Ndili chaka chachitatu cha PhD. Kunena zoona, chimene chimandiliza si kuchepa kwa mabuku pa shelufu. Ndi ma journal, magazini aja amene ofufuza amasindikizamo zimene apeza.

Sabata yatha ndinakhala mpaka usiku ndikufufuza njira ina yoyezera zinthu mu labu. Ndinapeza pepala lenileni limene ndinkafuna. Ndinawerenga chidule chake, mtima n'kukhala pansi kuti ndapeza. Nditadina kuti nditsegule lonse, panatuluka kabokosi kondiuza kuti ndilowe kudzera ku sukulu yanga kapena ndilipire. Sukulu yathu sinalembetse journal imeneyo. Pa mapepala asanu amene ndinkafuna usiku umenewo ndinatsegula awiri. Ndinalembera imelo mwini pepala lija kumupempha kope, ndipo mpaka lero sanayankhe. Mutu wachiwiri wa thesis yanga waima pamenepo. Mnzanga amene akuphunzira ku yunivesite yolemera amangodina kamodzi, pepala n'kutseguka. Sikuti iye ndi wanzeru kuposa ife, kungoti laibulale yake inalipira.

Ambewe: Achemwali, zimenezi sindinkazidziwa. M'nthawi yathu tinkangodandaula za buku limodzi lolimbirana kalasi yonse.

Ankhoma: Anangozo akhudza pachilonda. Ine ndimaphunzitsa, ndipo ophunzira anga amabwera ndi dandaulo lomweli mwezi uliwonse. Laibulale ya kafukufuku imasiyana ndi ya ophunzira a digiri yoyamba. Wa digiri yoyamba amafuna buku lofotokoza zimene zinadziwika kale. Wofufuza amafuna kudziwa zimene anzake apeza chaka chino, kuopa kutaya zaka zitatu akukumba pamene wina anakumba kale. Zimenezo zimatuluka m'ma journal, ndipo journal sagula kamodzi ngati buku. Mumalipira chaka chino, chaka chamawa mulipirenso, mtengo utakwera. Mukalephera, chitseko chimatsekedwa.

Chowawa n'chakuti mapepalawo timalemba ndife ofufuza, osalipidwa ndi wosindikiza. Kuwaunika asanatuluke timachitanso ndife, ulele. Kenako laibulale yathu yomwe iyenera kugula kuti tiwerenge. Musaganize kuti akulira ndi osauka okha. Mu 2012 komiti ya aphunzitsi yolangiza laibulale ya yunivesite ya Harvard ku America inalembera anzawo kuti mitengo ya ma journal yafika poti sangapitirize nayo, pamene Harvard ndiyo ili ndi thumba lalikulu kuposa yunivesite ina iliyonse. Mu 2019 University of California inasiya mgwirizano wake ndi Elsevier, kampani yaikulu yosindikiza ma journal, atalephera kumvana, ndipo anadzagwirizananso mu 2021. Ngati njovu zikutsimphina, nanga ife?

A Mlembi: Aphunzitsi, ndiye tikasonkha tingakwanitse? Zikumveka ngati kuthira madzi m'dengu.

Ankhoma: Kugula tokha journal iliyonse sitingathe, ndipo tisayese n'komwe. Koma njira zilipo. Pali Research4Life, imene inayamba ndi Hinari ya bungwe la WHO mu 2002 pa zaumoyo, kenako AGORA ya FAO mu 2003 pa zaulimi, n'kudzawonjezera zina pambuyo pake. Masukulu a m'mayiko osauka akalembetsa amawerenga ma journal ambiri kwaulere kapena pa mtengo wotsika. Pali African Journals Online, imene yakhalapo kuyambira 1998 ndipo imasonkhanitsa ma journal a mu Africa. Palinso njira yoti malaibulale a dziko limodzi apange gulu n'kumagula pamodzi, ndipo bungwe la EIFL limathandiza magulu otere kukambirana mitengo ndi osindikiza.

Ambewe: Ngati zambiri zili zaulere, ndalama zathu zikagwira ntchito yanji?

Ankhoma: Achimwene, chitsime chikhoza kukhala chaulere koma chingwe ndi ndowa mugula nokha. Pafunika intaneti yosaduka, makompyuta amoyo, magetsi osungira akazima, ndi pulogalamu yoti wophunzira athe kulowa ali kunyumba osati pasukulu pokha. Gulu la malaibulale lija limafuna chopereka cha chaka ndi chaka, ndipo osindikiza ambiri amalipiritsa mu ndalama zakunja. Koposa zonse pafunika munthu wophunzitsa anthu kufufuza. Ndakumanapo ndi ophunzira a chaka chomaliza osadziwa kuti sukulu yawo inalembetsa kale zinthu zimene akuzilirazo. Komanso si journal iliyonse ili m'mapulogalamu amenewa. Mwina imene Anangozo ankafuna mulibe.

Anangozo: Mulibedi, ndinayang'ana.

Achisale: Ine ndili ndi maganizo ena. Zonse mukunenazi sizioneka ndi maso. Munthu akapereka ndalama amafuna kudzaloza kuti ichi ndinamanga ndine. Bwanji timange chipinda chatsopano chowerengeramo, tiike mwala wolembedwa dzina la gulu lathu? Ku Harvard komwe mwatchulako laibulale yawo yaikulu ndi Widener, imene mayi wina anamanga pokumbukira mwana wake amene anamira ndi sitima ya Titanic mu 1912, ndipo inatsegulidwa mu 1915. Mpaka lero dzina likumveka. Makampani nawonso amapereka mosavuta pakakhala khoma loti alembepo dzina.

Abanda: Apa ndiye ndikugwirizana nanu Achisale. Chooneka chimakoka anthu.

A Msungichuma: Achisale, pa kukoka anthu simukunama. Koma mukumbukire Andrew Carnegie, mpondamatiki uja wa ku America. Anapereka ndalama zomangira malaibulale oposa 2,500 amene anamangidwa pakati pa 1883 ndi 1929, koma sankangomanga. Tauni yofuna laibulale inkayenera kupereka malo n'kulonjeza kuti chaka chilichonse iziika ndalama zokwana 10 pa 100 iliyonse ya mtengo womangira, zoyendetsera laibulaleyo. Ankadziwa kuti nyumba imadya tsiku lililonse. Tikamanga chipinda, adzalipira magetsi ndani? Denga likadontha adzakonza ndani? Mlonda ndi wosesa?

Anaphiri: A Msungichuma andikumbutsa nkhani imene ndinkakonda kuuza antchito atsopano. Ku Oxford, m'zaka za m'ma 1400, Duke Humfrey anapereka mabuku olembedwa pamanja oposa 280. Inali mphatso yaikulu kwambiri pa nthawiyo, moti yunivesite inamanga chipinda chapadera chowasungiramo. Mu 1550, pa mikangano ya chipembedzo, mabukuwo anachotsedwa n'kumwazikana. Yunivesite inalibe ndalama zogulira ena, ndipo patapita zaka zochepa ngakhale matebulo anagulitsidwa. Chipinda chinalipo, dzina la woperekayo linalipo, koma laibulale inafa.

Mu 1598 Thomas Bodley anadzipereka kuidzutsa, ndipo inatsegulidwanso mu 1602. Iye sanangokonza chipinda. Anapempha anzake kuti apereke, n'kuika buku lalikulu lolembamo mayina a opereka poonekera. Mu 1610 anapangana ndi gulu la osindikiza la ku London kuti laibulaleyo izilandira kope la buku lililonse limene alembetsa. Ndipo anaisiyira chuma choti izipezerapo ndalama iye atapita. Laibulale imeneyo ndi Bodleian, ilipo mpaka lero, patha zaka zoposa 400. Amuna awiriwa onse anali owolowa manja. Kusiyana kwake n'kwakuti wachiwiriyo anaganizira za chaka chamawa.

Achisale: Mayi, nkhani imeneyi yandigwira. Koma ife si a Bodley, tilibe minda yosiyira laibulale.

A Msungichuma: Payekhapayekha tilibe, koma tilipo ambiri. Chimene mayunivesite ambiri amachita ndi thumba lokhalitsa, lija amati endowment. Aliyense wochita bizinesi pano alimvetsa msanga: ndi mpamba. Mpamba sadya. Umaikidwa poti uzibereka, ndipo laibulale imatapa m'phindu lokha. Masukulu ambiri amatapa 4 kapena 5 pa 100 iliyonse pachaka, phindu lotsala n'kubwerera kukakuza mpamba. Chaka chimene boma kapena yunivesite yachedwa kupereka ndalama, laibulale imakhalabe ndi kena kolipirira zinthu zosayenera kuduka.

Abanda: Ndiye kuti tikasonkha 100, laibulale ilandira 5 yokha? Achemwali athu a PhD adikire mpaka liti? Adzakhala atamaliza kapena atasiya.

Ankhoma: Funso limenelo ndi lolemera, tisalizembe. Ndiwonjezere lina. Kumene ndalama imagwa mphamvu msanga, chiwongoladzanja chikhoza kuoneka chachikulu papepala pamene mitengo yakwera kuposa pamenepo. Mpamba umaonda uli chikhalire. Ndiye ma journal akulipiridwa mu ndalama zakunja, vuto limakula kawiri.

A Msungichuma: Zoona zonse. N'chifukwa chake sindikunena kuti zonse zipite ku mpamba, ndiponso sindikunena kuti tiike mu akaunti wamba n'kuiwala. Pafunika akatswiri a zachuma atilangize poika, ndipo m'gulu muno alimo. Maganizo anga ndi akuti chopereka chilichonse chizigawika pawiri: gawo lalikulu ligwire ntchito chaka chomwecho, gawo laling'ono lizikhala mpamba wosakhudza. Zaka zoyamba phindu lidzakhala lochepa, inde. Koma magulu a ophunzira akumaliza chaka ndi chaka, ndipo aliyense akapeza thumba lilipo kale amangothiramo. Chovuta n'kuyamba.

Anamwale: Ndakhala chete ndikuwerenga. Ndinene mosabisa chimene chikundibweza m'mbuyo. Zaka zingapo zapitazo ndinapereka nawo pa ntchito ina yonga yomweyi, kusukulu ina. Tinasonkha ndi mtima wonse. Ndalama zinalowa mu akaunti yaikulu ya sukuluyo, ndipo titafunsa patapita chaka anatiuza kuti zinagwira ntchito zina zadzidzidzi, adzabweza. Sitinaone buku ngakhale limodzi, risiti ngakhale imodzi. Sindinena kuti wina anaba. Mwina analipiradi madzi kapena malipiro a antchito. Koma ife sitinaperekere zimenezo. Kuyambira pamenepo dzanja langa limalemera.

A Mlembi: Si inu nokha mayi. Anthu atatu andilembera kumbali kunena zofanana.

A Msungichuma: Anamwale, zikomo potulutsa zimenezi poyera. Ndalama ikalowa m'thumba lalikulu la sukulu imene ili pa mavuto, imapita kumene moto wayaka tsiku limenelo, ndipo laibulale siikuwa ngati mmene amakuwira a magetsi akabwera kudzadula. Tisanatolere ngakhale kakobiri, pakhale mgwirizano wolemba pakati pa gulu lathu ndi yunivesite, wonena kuti ndalamazi ndi za laibulale basi ndipo ntchito zake ndi izi. Akaunti ikhale yapayokha. Osayinira akhale atatu, awiri a ife ndi mkulu wa laibulale, ndipo pasatuluke ndalama popanda awiri kusayina. Miyezi itatu iliyonse ndiziika pano sitetimenti ya ku banki momwe ilili, ndipo pakutha pa chaka munthu wapadera wowerengera ndalama aunike mabuku athu. Ndikalephera zimenezi mundichotse.

Ankhoma: Mu mgwirizanomo muikenso mawu akuti yunivesite isachepetse bajeti ya laibulale poona kuti ife tayamba kuthandiza. Zimachitika. Opereka akalowa pakhomo lakumaso, bajeti imatulukira lakumbuyo, laibulale n'kukhala pomwe inali.

Anamwale: Zikalembedwa choncho, ine ndipereka, ndipo ndikokanso anzanga a chaka chathu.

Achisale: Chabwino, za khoma ndazisiya kaye. Koma funso langa likadalipo. Tikapita kwa anthu tikawaonetsa chiyani? Mawu akuti mpamba ndi kulembetsa ma journal sagwedeza mtima wa munthu.

Anaphiri: Ndili nacho choti mukawaonetse. Mukapita ku laibulale, pemphani akulowetseni m'chipinda chimene amasungamo ma thesis ndi zolemba zakale. Inu nonse amene munalemba kafukufuku pomaliza maphunziro, ntchito yanu ili mmenemo. Ine ndinkalowamo m'mawa uliwonse kutsegula mawindo. Muli ma thesis otayipidwa pa makina akale, zilembo zina zitayamba kufufutika. Muli malipoti a kafukufuku wa nthaka, wa matenda, wa zilankhulo, amene sanasindikizidwe kwina kulikonse. Muli matepi a mawu a agogo amene anafunsidwa mbiri ya makolo awo, ndipo agogowo anapita kale. Zambiri mwa izo kope lake ndi limodzi lokhalo pa dziko lonse lapansi. Tsiku lina ndinatsitsa thesis ina pa shelufu yapamwamba, chikuto chili bwinobwino, koma nditatsegula ndinapeza njenjete zitaboola kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndipo matebulo a manambala amene munthuyo anasonkhanitsa zaka ziwiri anali ufa m'manja mwanga.

Buku losindikizidwa likapsa, mugula lina. Izi zikapita, zapita. Usiku wa pa 18 December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anathera pomwepo. Pa 18 April 2021 moto wochokera kuphiri unagwira Jagger Library ya University of Cape Town, mmene munali zosonkhanitsa za maphunziro a Africa. Chipinda chowerengeramo chinapsa, madzi ozimitsira moto n'kulowa m'zipinda zapansi, ndipo anthu odzipereka anatha masiku ambiri akutulutsa mabokosi onyowa pamanja. Imeneyo ndi yunivesite ya ndalama zake. Ngakhale laibulale ya Harvard inapsa mu 1764, ndipo pa mabuku pafupifupi 400 amene John Harvard anasiya mu 1638 panatsala limodzi lokha.

Ma journal a kunja ena adzatithandiza kuwapeza. Koma za m'chipinda chija palibe wina adzatisungire.

Ambewe: Mayi, apa ndiye pa ntchito yanga. Zimenezi n'zotheka ndipo sizifuna chuma chambiri ngati nyumba. Pafunika scanner ya mabuku, ija yojambula kuchokera pamwamba kuti buku lisathyoke msana, kompyuta yabwino, ndi malo osungira. Pulogalamu yoikamo ilipo yaulere, DSpace, imene yunivesite ya MIT ndi kampani ya HP anatulutsa mu 2002 ndipo mayunivesite ambiri amaigwiritsa ntchito. Ya kaundula wa mabuku iliponso yaulere, Koha, inachokera ku New Zealand. Ndalama zambiri zimapita kwa anthu: wojambula tsamba ndi tsamba, ndi wolemba mutu, dzina la mlembi, chaka ndi mawu ofufuzira, chifukwa chithunzi chopanda zimenezo palibe angachipeze. Chinthu chimodzi ndiumirirapo: makope asungidwe malo awiri kapena atatu otalikirana. Seva ikakhala m'nyumba yomweyo ndi mapepala, moto umodzi utenga zonse.

Ankhoma: Muonjezerepo chilolezo cha eni ma thesis tisanawaike poyera pa intaneti. Ena muli mayina a odwala kapena a anthu amene anayankha mafunso mwachinsinsi. Kujambula kuti tisunge tikhoza, koma kutsegulira dziko lonse kukhale ndi ndondomeko.

Anangozo: Izi zingandithandize inenso. Mwezi watha ndinamva kuti munthu wina anachitapo kafukufuku wofanana ndi wanga zaka zambiri zapitazo pasukulu pomwe pano. Ndinatha masiku atatu ndikusaka thesis yake. M'kaundula ilimo, pa shelufu palibe.

Anaphiri: Mwanangu, ukapiteko ukafunse ngati ili pa mulu wa zodikira kumatidwa. Zambiri zosowa zimakhala pamenepo, chifukwa ndalama zomatira mabuku ndizo zimayamba kudulidwa.

A Msungichuma: Chinanso, ntchito yotere imatsegula zitseko zina. British Library ili ndi Endangered Archives Programme, imene inayamba mu 2004 ndi thandizo la bungwe la Arcadia. Amapereka ndalama zojambulira zolemba zakale zimene zili pangozi, ndipo zolemba zenizenizo zimatsala m'dziko la eni ake. Sikuti chilichonse chathu chingalowe m'ndondomeko yawo, koma opereka otere amamvera msanga akaona kuti eni ake ayambapo kale ndi ndalama zawo.

Achisale: Tsopano ndaona chokaonetsa. Munthu ukamuuza kuti thesis yako ija ikudyedwa ndi njenjete, perekapo kuti ijambulidwe pamodzi ndi za anzako khumi, sangakane. Ndikhoza kuyenda nazo ku makampani. Ena amakhala ndi ndondomeko yoti wantchito akapereka, kampani imaonjezera zofanana. Tifunse kumene tikugwira ntchito.

A Mlembi: Ndipo za mayina zija sizitayika. Titengere kwa Bodley: buku la opereka likhale pakhomo la laibulale, wopereka zochepa ndi wopereka zambiri onse alembedwe. Pa buku lililonse logulidwa ndi thumbali timate kapepala mkati mwa chikuto konena amene anapereka, kapena amene akumukumbukira.

Anamwale: Ine ndikupempha kuti tisadalire phwando limodzi lalikulu. Ndaonapo maphwando osonkhetsa ndalama amene zolipira holo ndi oimba zinadya pafupifupi zonse zimene zinalowa. Bola aliyense alonjeze kangachepe mwezi uliwonse, banki izidula yokha. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo chaka chilichonse cha omaliza maphunziro chikhale ndi munthu mmodzi wokumbutsa anzake, chifukwa munthu amayankha msanga foni ya amene ankakhala naye chipinda chimodzi kusiyana ndi kalata ya komiti.

Ankhoma: Koma tisaiwale Anangozo ndi anzawo. Kujambula zakale kusatiiwalitse amene akufufuza lero. M'gawo logwira ntchito chaka chino mukhale chopereka cha ku gulu la malaibulale, ndi kathumba kogulira pepala limodzilimodzi wofufuza akalisowa kwina konse.

Anaphiri: Zonsezi n'zabwino, koma pali munthu mmodzi amene sitinamufunse, ndiye amene akuyendetsa laibulaleyo lero. Ine ndinapuma, zinthu zasintha. Mwina scanner ali nayo kale koma alibe woigwiritsa ntchito. Mwina chimene chikumusowetsa tulo ndi denga lodontha pamwamba pa chipinda chija, kapena mawaya akale a magetsi, kapena zozimitsira moto zimene sizinayesedwe. Safunsa anadya phula. Tipite tikakhale naye pansi, atiyendetse m'nyumbamo, atiuze yekha zitatu zimene zikumupweteka kwambiri.

A Wapampando: Zikomo nonse. Tichite motere. Ine, Anaphiri ndi Ambewe tipempha kukaonana ndi mkulu wa laibulale sabata yamawa, ndipo Anangozo mutiperekeze ngati nthawi ikulolani. A Msungichuma ndi Ankhoma mulembe mgwirizano uja, muuike pano aliyense auwerenge tisanapite nawo kwa akuluakulu a yunivesite. Mpaka usayinidwe, pasapezeke wotumiza ndalama kwa munthu aliyense. A Mlembi, mndandanda wa mabuku uja muusinthe ukhale wa oimira chaka chilichonse.

Abanda: Ndavomera, za kontena ndaimika. Koma ndifunseko chimodzi, Mayi Anaphiri. Mwa anzanga aja muli mmodzi amene bambo ake anaphunzitsapo pa yunivesite yathu kalekale, asanabwerere kwawo. Akuti m'chipinda chapamwamba muli mabokosi a makope awo olemba pamanja, mamapu ndi zithunzi za kumene ankachita kafukufuku. Amafuna kuzitaya mwezi uno chifukwa nyumba ikugulitsidwa. Zimenezonso ndimuuze asiye?

Anaphiri: Ayi bambo! Muimbireni lero lomwe, asataye ngakhale kapepala kamodzi, ndipo asazisanje mwatsopano, azisiye mmene mwini wake anaziikira. Mabokosiwo awachotse pansi, awaike pouma. Mumupemphe ajambule ndi foni chikuto cha kope lililonse ndi tsamba loyamba, komanso misana ya mabuku ali pa shelufu, munditumizire. Ndikapita nazo kwa mkulu wa laibulale sabata yamawa.

Abanda: Ndikumuimbira pompano.